Kodi tigulitse mbatata kuti bambo akaonane ndi dokotala wolipira?

Mayi wina wa ku Ulongué, m'boma la Angónia kuno ku Mozambique, wandilembera kalata yofunsa za amuna awo a zaka 61, amene akudzuka kangapo usiku kukataya madzi, mkodzo ukutuluka movutikira, ndipo tsiku lina munaoneka magazi. Akufuna kudziwa ngati n'koyenera kugulitsa matumba a mbatata ya kachewere kuti akaonane ndi dokotala wolipira ku Tete, kapena awoloke malire kupita ku Lilongwe. Mayi, mwachita bwino kulemba, chifukwa matenda amenewa amuna athu amawabisa mpaka thupi litawaulula lokha, ndipo funso lanu landikhudza chifukwa banja lathu linadutsa njira yomweyi.

Atsibweni anga anali mlimi wa mbatata ku Tsangano, munthu wamphamvu amene ankakweza yekha thumba pangolo. Vuto lawo linayamba pang'onopang'ono. Ankaima nthawi yaitali kuseri kwa nyumba, akamaliza mkodzo unkadonthabe n'kunyowetsa buluku, ndipo kenako pansi pa bedi panayamba kukhala kachitini kamene akazi awo ankakaona m'mawa uliwonse koma osayerekeza kufunsa. Poyamba iwo ankati ndi ukalamba, pambuyo pake anayamba kukayikira kuti wina anawatchera kumunda, ndipo anamwa mizu yambiri imene sinasinthe kanthu. Usiku wina m'mwezi wa June mkodzo unatsekekeratu. Ndinawapeza atagwada pansi, atagwira m'munsi mwa mchombo pamene panatupa n'kulimba ngati mpira, thukuta likuyenderera ngakhale kuti kunja kunali chisanu chija cha ku Tsangano. Tinawakweza pa njinga yamoto, wina kutsogolo wina kumbuyo akuwagwirizira, mpaka pachipatala chaching'ono cha boma. Namwino anawalowetsa kapaipi, mkodzo unadzaza thumba mpaka kukhuthula, ndipo munthu amene ankabuula njira yonse anagona tulo pomwepo pabenchi.

Namwino yemweyo ndiye anatifotokozera za prostate, kachiwalo kamene kali pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna aliyense, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Munthu akamakula kachiwaloka kamakulanso n'kuyamba kufinya njirayo. Pafupifupi theka la amuna a zaka za m'ma 60 ali nako kotupa motere, ndipo kwa ambiri si khansa. Anatilembera kalata yotitumiza kuchipatala chachikulu, koma banja litakhala pansi linagwirizana kuti atsibweni sangakadikire pamzere ali ndi kapaipi, ndiye tigulitse zokolola tipite kolipira.

Chipatala choyamba cholipira chimene tinapitako chinali chaukhondo, cha mipando yofewa ndi mpweya wozizira, ndipo anatilandira mwaulemu kwambiri. Anawaika madiripi, kuwabaya majekeseni a mavitamini, kuwapatsa mankhwala opha tizilombo, n'kutiuza kuti tibwerenso. Palibe amene anawapima ndi chala, palibe amene anajambula impso, ndipo tinatuluka ndi lisiti ya ndalama yokha popanda pepala lililonse lonena dzina la matenda. Ndalama za mbatata zinathera pamenepo. Thandizo lenileni linabwera titakumana ndi dokotala wina, wolipiranso, koma wophunziradi matenda a njira ya mkodzo. Iye anafunsa mafunso modekha, anapima prostate ndi chala kudzera kotulukira chimbudzi, anayezetsa mkodzo ndi magazi, n'kujambula pamimba, ndipo anationetsa pa makina kuti impso zonse ziwiri zinali zitayamba kutupa chifukwa mkodzo unakhala ukubwerera m'mwamba kwa nthawi yaitali. Atsibweni anachitidwa opaleshoni yopala prostate kudzera m'njira ya mkodzo, popanda kung'amba pamimba, ndipo anabwerera kumunda, koma impso zawo sizinabwerere mwakale.

Choncho maganizo anga pa nkhaniyi ndi olimba. Ndalama zanu zigule dzina la matenda, zotsatira zolembedwa papepala, ndi dokotala amene anaphunziradi ntchito imeneyi. Chiyambireni kukumba malasha kwambiri ku Moatize mu 2011, mzinda wa Tete wadzaza ndi anthu a malipiro abwino, ndipo malo olipira awonjezeka kutsatira ndalamazo, koma chikwangwani chokongola sichitanthauza kuti mkatimo muli katswiri wa mkodzo. Akatswiri oterewa ndi ochepa m'dziko muno, ndipo ambiri amapezeka m'zipatala zazikulu monga za ku Maputo ndi ku Beira. Mlimi wochokera ku Angónia amene wayenda makilomita oposa 200 pa chapa (minibasi), n'kulipira chakudya ndi pogona, sayenera kubwerera kwawo ndi diripi m'mitsempha basi. Ndimaona kuti n'kulakwa kwakukulu kulandira ndalama za munthu wotere popanda kumuuza mosabisa kuti pano katswiri palibe.

Komanso sindingawasiye amuna anzanga osawadzudzula. Ambiri amakana kupimidwa ndi chala poti n'zochititsa manyazi, pamene kupimako sikutenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo kumathandiza dokotala kumva ngati prostate ili yosalala kapena ili ndi chotupa cholimba chokayikitsa. Ena amafuna kuyezetsa magazi okha, kuyeza kotchedwa PSA, poganiza kuti nambala imodzi inena zonse. Nambalayo imakwera ndi khansa, koma imakweranso prostate ikangotupa, ikagwidwa ndi tizilombo, ngakhalenso munthu akangoikidwa kapaipi, ndiye payokha imatha kuopseza banja pachabe. Manyazi omwewo ndi amene amachititsa anyamata kumwa makapisozi a pamsika akatenga chinzonono, osamaliza mankhwala oyenera, ndipo patapita zaka njira ya mkodzo imapanga chipsera n'kuchepa, munthu wa zaka 35 n'kumavutika pokodza mofanana ndi agogo ake. Ndi manyazi omwewonso amene amagulitsa mapiritsi a mphamvu za kuchipinda m'mabenchi. Kufooka kwa abambo kumatha kukhala chizindikiro choyamba cha matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo mapiritsi a mtundu wa sildenafil akaphatikizana ndi mankhwala ena a mtima amatha kutsitsa kuthamanga kwa magazi mwadzidzidzi mpaka kuika moyo pangozi. Pa za kusabereka ndiye mtima umandiwawa kwambiri, chifukwa ndaona amayi akuyendetsedwa kwa asing'anga ndi m'zipatala zaka zambiri, ena mpaka kusiyidwa ukwati, pamene kuyeza umuna wa mwamuna n'kosavuta ndipo pa mabanja ochuluka osabereka vuto limapezekanso kwa iye. Ngati pali phindu limodzi lalikulu la chipinda cholipira, ndi lakuti mwamuna amakhala yekha ndi dokotala chitseko chili chotseka, n'kunena zimene sakananena pamzere pamene pali anthu a m'mudzi mwake. Phindu limenelo ndimalilemekeza.

Za magazi amene munaona

Mbali iyi ya kalata yanu ndi imene yandidetsa nkhawa kuposa kudzuka usiku. Kuno kwathu magazi mumkodzo tinawazolowera chifukwa cha likodzo, moti m'midzi ina mnyamata akakodza magazi anthu sadabwa. Tizilombo ta likodzo timachokera m'nkhono za m'madzi odekha, m'madambo, m'madimba othirira ndi m'mphepete mwa Zambezi ndi nyanja ya Cahora Bassa, timalowa pakhungu, ndipo mazira ake amakakhazikika m'khoma la chikhodzodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa munthu. Koma likodzo lokhalitsa zaka zambiri limatha kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo, ndipo kwa munthu wa zaka 61 magazi mumkodzo, ngakhale aoneke kamodzi kokha popanda kupweteka, amafunika kufufuzidwa mpaka gwero lake litadziwika. Angachokere ku prostate yomweyo, ku tizilombo, ku miyala ya mu impso imene imakonda anthu ogwira ntchito padzuwa osamwa madzi okwanira (ndipo kutentha kwa ku Tete mu October ndi November kumapitirira madigiri 40), kapena ku chotupa. Nthawi zina dokotala amafunika kuyang'ana mkati mwa chikhodzodzo ndi kachipangizo ka kamera, ndipo apa m'pamene ndalama za mbatata zingagwire ntchito yake moyenera.

Musanagulitse thumba ngakhale limodzi

Yambani sabata ino pachipatala cha boma cha ku Ulongué komweko, ayezedwe mkodzo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo mupemphe kalata yotumizira ku chipatala chachikulu cha Hospital Provincial de Tete. Mukaona kuti tsiku limene akupatsani latalika, pamenepo ganizani zolipira, koma muyambe mwaimba foni n'kufunsa ngati katswiri wa matenda a mkodzo alipo, tsiku limene amapezeka, mtengo wa kuonana naye, wa kujambula ndi wa kuyeza magazi a impso, chilichonse pachokha. Ku Lilongwe n'kufupi kwa inu podutsa pa Calómuè ndi Dedza, ndipo kumeneko mudzalankhula Chichewa ndi dokotala, koma muwerengere mapepala a pamalire, kusintha ndalama, ndi maulendo obwereza, chifukwa matendawa safuna kuonedwa kamodzi. Mapepala onse a zotsatira muzitenga ndi kusunga inuyo. Ambiri sachitidwa opaleshoni, amapatsidwa mankhwala akumwa: tamsulosin amamasula njira ya mkodzo m'masiku ochepa ngakhale amatha kuchititsa chizungulire poimirira, pamene finasteride amachepetsa prostate pang'onopang'ono kwa miyezi pafupifupi 6, choncho bambo asasiye kumwa poona ngati sakugwira ntchito. Achepetse mowa, tiyi ndi khofi madzulo, koma masana azimwa madzi mokwanira.

Mkodzo ukatsekeka, akayamba kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena magazi akatuluka oundana, musadikire za Tete kapena Lilongwe. Thamangirani nawo kuchipatala chilichonse chapafupi ngakhale pakati pa usiku, ndipo mukauze namwino pakhomo pomwepo nthawi imene anakodza komaliza.