Funsani Amakaniko: Ndikachotsa kabuleta, ndiike mapaipi anji a petulo?

FUNSO: Akuluakulu, ndili ndi Peugeot 504 ya pikiapu yomwe ndimanyamulira katundu pakati pa Ngabu ndi Nchalo. Makaniko wanga akufuna kuchotsa kabuleta n'kuika fuel injection, njira yopoperera petulo mu injini ndi timipope totchedwa ma injector. Akuti mapaipi a labala omwe alipowa akadali bwino, tingowamanga kwambiri. Ndivomere? — Wowerenga wa ku Ngabu

YANKHO: Musavomere bambo. Pampu ya kabuleta imakankha petulo mofatsa, pa 4 mpaka 7 psi basi (psi ndi muyeso wa mphamvu yokankhayo). Ya injection imafika 43 psi, ina mpaka 58. Paipi yakale ikang'ambika pa mphamvu imeneyi, petulo sachita kudontha ayi, amapopera, ndipo akagwera pa ekizozi yotentha galimoto yapsa.

Komanso petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, wina wopangidwa konkuno ku Nchalo, ku PressCane, kuchokera ku molasesi wa nzimbe. Ethanol amadya labala wamba kuyambira m'kati. Kunja paipi imaoneka yosalala, m'kati ikunyenyeka, tizidutswa take takuda n'kukatseka ma injector. Onjezanipo dzuwa la m'chigwa muno, lomwe mu Okutobala ndi Novembala limapyola madigiri 40, muona kuti labala wotere sakhalitsa.

Pogula, werengani zolembedwa pa paipi yeniyeniyo, musangomvera wogulitsa. Yolembedwa SAE J30R6 kapena J30R7 ndi ya kabuleta, isiyeni. Yanu ndi SAE J30R9: imapirira 100 psi ndipo m'kati mwake munakutidwa ndi labala wosadyeka ndi ethanol. Ngati pampu muiika m'kati mwa thanki, kachidutswa komira m'petuloko kakhale J30R10, chifukwa R9 idatetezedwa m'kati mokha; ikamizidwa, khungu lake lakunja limafufuma n'kusupuka. Yosalembedwa kalikonse musaigule ngakhale itchipe bwanji.

Koma labala akhale wa malo afupiafupi okha: pa thanki, pa pampu, ndi pamene injini imagwedezeka. Mtunda wautali wa pansi pa galimoto uyende ndi paipi yachitsulo ya 8 mm, yokwanira bwino injini ya masilinda anayi ngati yanuyi. Poti mumadutsa m'matope nyengo ya madzi osefukira, yabwino koposa ndi yosachita dzimbiri, ya stainless kapena ya cunifer, yosakaniza mkuwa ndi nickel. Ya mkuwa weniweni, ija ya mafiriji, ayi. Imapindika mosavuta, n'chifukwa chake amakaniko ambiri amaikonda, koma ikamagwedezeka m'misewu ya mabampu imauma n'kuthetheka pafupi ndi polumikizira. Ya aluminiyamu nayo vuto lake n'lomwelo. Mudzafunanso paipi yachiwiri yobweza petulo wotsala ku thanki, pokhapokha regulator, kachida koletsa mphamvu ya petulo kupyola muyeso, ikhale ku thanki komweko.

Mangani paipi yachitsuloyo ku chasisi ndi timakilipi ta labala pa masentimita 30 mpaka 40 alionse, kutali ndi ekizozi, ndipo pamene ikuboola chitsulo ikanipo labala kuti isakhulike. Kunsonga kwake makaniko atukuleko kamlomo kozungulira. Nsonga yosalala imavula paipi ya labala mphamvu ikakwera. Makilampu aja a timano amacheka labala mukawamangitsa. Funani osalala m'kati, omanga ndi kabawuti, opangira injection. Mawaya ndi malegeni musayerekeze n'komwe.

Sefa zikhale ziwiri (micron ndi muyeso wa kukula kwa timabowo ta sefa): ya ma micron 100 petulo asanalowe m'pampu, ndi yachitsulo ya ma micron 10 atatuluka. Kasefa kapulasitiki koonekera m'kati kaja kamaphulika kakaikidwa kumene petulo amatulukira m'pampu.

Mukamaliza, tembenuzani kiyi kangapo osaliza injini kuti pampu idzaze mapaipi, kenako pukutani polumikizira paliponse ndi pepala loyera. Likanyowa kapena kununkha petulo, konzani kaye. Muyesenso injini itatentha, musanakwere nayo mapiri a Thabwa.