Mafunso ndi Mayankho: Magemu a pa intaneti ya setilaiti kumudzi

Funso: Kwathu kuno netiweki ya foni imachita kufunafuna, ndiye ndikuganiza zoika intaneti ya setilaiti kuti ndizisewera magemu ndi anzanga akutali. Ogulitsa akuti imathamanga kwambiri. Kodi zingatheke?

Yankho: Zingatheke ndithu, koma musakopeke ndi ma Mbps (muyeso wa liwiro la intaneti) amene ogulitsa amatchula. Gemu sidya data yambiri. Ambiri sapitirira 150 MB pa ola. Chimene chimapweteka wosewera ndi ping, nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva (kompyuta yakutali yoyendetsa gemuyo) ndi kubwerako.

Choncho yambani mwafunsa kuti setilaitiyo ili kutali bwanji. Zamtundu wakale, monga za Viasat ndi HughesNet, zili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 m'mwamba. Uthenga wanu umakwera n'kutsika, yankho nalo n'kukwera n'kutsika, ping n'kufika 600 ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi). Mukamadina batani loti muwombere, mnzanu amakhala atachokapo kalekale. Chess mungasewere bwinobwino, koma za mpira ndi zowomberana musadzivute. Setilaiti za Starlink zimadutsa pafupi, makilomita pafupifupi 550, ndipo ping yake kawirikawiri imakhala pakati pa 25 ndi 60 ms ngati seva ya gemuyo sili kutali. Sankhani seva yapafupi nthawi zonse.

Mdani wamkulu wa dishi ndi nthambi za mitengo. Setilaiti zapafupizi sizikhazikika malo amodzi, ndiye dishi imalumikizana ndi ina, kenaka ina, thambo lonse. Nthambi imodzi yokha ikatchinga, intaneti imaduka kwa sekondi imodzi kapena awiri. Woonera filimu sazindikira n'komwe, poti kanemayo amakhala atalowa kale pang'ono, koma inu wosewera mumangoona munthu wanu waima nji, kenaka gemu yakutulutsani. Musanakhome chilichonse, tsegulani app ya Starlink, muloze kamera ya foni kumwamba, ikuonetseni mbali yotchingika. Dishi ikhale padenga kapena pamlongoti wolimba wosagwedezeka ndi mphepo. Musaiwale kuti mitengo imakula: malo oyera chaka chino amatha kutchingika chaka chamawa.

M'nyumba, lumikizani kompyuta kapena PlayStation ku rauta ndi chingwe cha Ethernet, chifukwa Wi-Fi yodutsa m'makoma a njerwa imachititsa ping kukwera ndi kutsika. Magemu atsopano ndi ma update, omwe amafika ma GB makumi angapo, muzikopera usiku mukamagona.

Ngati mumadalira sola, werengerani kuti dishi yaikulu imadya mawati 75 mpaka 100, pomwe Starlink Mini imadya 25 mpaka 40. Magetsi akangophethira, dishi imatenga mphindi zingapo isanalumikizenso, choncho batire ndi invata zikhale zokwanira dishi, rauta ndi TV pamodzi. Mvula yamkuntho nayo imafooketsa siginolo. Pamenepo palibe chokonza, ingodikirani mtambo udutse.