Impso ya nkhumba m'thupi la munthu: yankho langa kwa mayi wa ku Nkhotakota

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Nkhotakota amene anapempha kuti ndisawatchule dzina. Alongo awo, bambo wa zaka 46 amene ankachita geni ya mpunga, impso zawo zinasiya kugwira ntchito chaka chatha, ndipo tsopano amapita ku Lilongwe kawiri pa sabata kukasefetsa magazi pa makina. Mwana wa mayiwa anawatumizira vidiyo pa WhatsApp yonena kuti ku America anthu ayamba kuikidwa impso za nkhumba. Mayiwa analemba kuti: "Kodi n'zoona kapena ndi mabodza a pa foni? Ngati n'zoona, zifika liti kuno? Ife ndife Asilamu, chiwalo cha nkhumba tingachivomere bwanji? Chinanso, adokotala anauza achimwene kuti akaonetse kaye mano asanayambe kukamba zopita ku India kukaikidwa impso. Mano ndi impso zikukhudzana pati?"

Mayi, pepani ndi matendawa. Ulendo wochokera ku Nkhotakota kudzera kuno ku Salima mpaka ku Kamuzu Central ndi wa makilomita pafupifupi 200, ndiye ndikudziwa kuti ndalama ya thiransipoti yokha ikukudyani pamene munthu sanayambe n'komwe kugona pa bedi la dayalisisi. Ine ndinali mphunzitsi wa Biology, si dokotala, choncho zomwe ndilembe pano muzikakambirana ndi amene akuwathandiza alongo anuwo.

Vidiyoyo sikunama. Pa 16 March 2024, madokotala a pa Massachusetts General Hospital ku Boston anaika impso ya nkhumba mwa bambo wa zaka 62, Richard Slayman. Anatuluka m'chipatala akuyenda yekha, osafunikanso makina. Patatha miyezi pafupifupi iwiri anamwalira, ngakhale achipatala ananena kuti panalibe chizindikiro choti imfayo inabwera chifukwa cha impsoyo. Mu November chaka chomwecho, mayi wina wa ku Alabama, Towana Looney, anaikidwa ina ku New York. Inagwira ntchito masiku 130, kenako thupi linayamba kuikana, anaichotsa ndipo anabwerera pa dayalisisi. Tim Andrews anaikidwa yake mu January 2025 ku Boston komweko, n'kukhala nayo masiku 271 isanachotsedwe. Izi ndi zomwe mavidiyo a pa foni sakonda kunena: amakuonetsani tsiku lomwe munthu akutuluka m'chipatala akumwetulira, osakuonetsani tsiku lomwe wabwerera.

Nkhumba zake si izi zomwe timaziona zikufukula m'dzala. Mutatenga impso ya nkhumba wamba n'kuilumikiza ku mitsempha ya munthu, imada bii m'mphindi zochepa chabe. Pa maselo a nkhumba pali kashuga kotchedwa alpha-gal komwe anthufe tilibe, ndipo magazi athu ali kale ndi asilikali okadikirira. Akangokaona amaukira, magazi n'kuundana m'timitsempha ta impsoyo. Ndiye asayansi amasintha majini a nkhumbayo isanabadwe. (Ndiyime kaye pamenepa, chifukwa kwanu ku Nkhotakota munthu akati majini ena aganiza za aja amagwira anthu kunyanja usiku. Ine ndikunena malangizo a chibadwa omwe ali m'selo iliyonse, aja amachititsa mwana kutengera mphuno ya bambo ake. Ana asukulu ankandiseka chaka chilichonse tikafika pa mutu umenewu.) Pogwiritsa ntchito njira yotchedwa CRISPR, yomwe inapezetsa Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier mphoto ya Nobel mu 2020, nkhumba yomwe inapereka impso ya Slayman inasinthidwa malo 69. Anachotsa majini 3 opanga timashuga tija, anaikamo 7 a munthu, ndipo malo ena onse otsalawo kunali kupha mavairasi omwe amabisala m'chibadwa cha nkhumba. Mantha a mavairasiwa si ongopeka. David Bennett, amene anaikidwa mtima wa nkhumba ku Maryland mu January 2022 n'kumwalira patatha miyezi iwiri, mu mtimamo munadzapezeka kavairasi ka nkhumba komwe kanazemba poyeza.

Asanayese pa anthu amoyo, mu 2021 anayamba ndi matupi a anthu amene ubongo wawo unali utafa kale koma mtima ukugundabe chifukwa cha makina opumira, achibale atavomereza. Mfundo yoti munthu amatha kutchedwa womwalira ubongo wonse ukasiyiratu kugwira ntchito inakhazikika cha m'ma 1968, ndipo ndi imene imatheketsa mayiko ena kutenga ziwalo kwa anthu ochita ngozi. Kwathu kuno, kumene ngakhale kupima mtembo mabanja ambiri amakana, nkhani imeneyi ikanali patali.

Zifika liti kuno? Ndikuuzani maganizo anga mosabisa: musawerengere zimenezi pa alongo anu. Boma la America linangovomereza mu 2025 kuti makampani awiri ayambe kafukufuku weniweni pa odwala ochepa. Kafukufuku wotere amatenga zaka, ndipo akadzatha mtengo wake udzakhala wa dziko lolemera. Yerekezerani ndi impso ya munthu. Opaleshoni yoyamba yopambana inachitika pa 23 December 1954 ku Boston, Joseph Murray atatenga impso kwa mnyamata wina n'kuika mwa mnzake wobadwa naye mapasa. Lero impso yoperekedwa ndi munthu wamoyo kawirikawiri imagwira ntchito zaka 15 mpaka 20. Za nkhumba zomwe ndatchula pamwambapa palibe yomwe inakwanitsa chaka. Chiyembekezo cha alongo anu chili m'banja mwanu momwemo, mwa m'bale wathanzi wa gulu la magazi logwirizana nawo, amene angayezedwe n'kupezeka kuti akhoza kukhala bwinobwino ndi impso imodzi.

Pa nkhani ya chipembedzo sindilowerera ntchito ya a shehe, koma pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna mupite nacho pokawafunsa. Nthawi iliyonse alongo anu akalumikizidwa ku makina aja, namwino amabaya mankhwala m'kapaipi komwe magazi amadutsa kuti asaundane. Dzina lake ndi heparin, ndipo heparin wambiri padziko lapansi amapangidwa kuchokera ku matumbo a nkhumba. Mavalavu a mtima wa nkhumba akhala akuikidwa mwa anthu kuyambira m'ma 1960, ndipo odwala shuga ankabayidwa insulin wa nkhumba ndi ng'ombe kwa zaka zambiri asanayambe kupanga wamakono. Sindikunena izi kuti ndikuopsezeni, ndipo chonde pasapezeke wina wokana dayalisisi chifukwa cha ndime imeneyi. Ndikungosonyeza kuti funso lanu si lachilendo. Akatswiri a malamulo a Chisilamu analikambirana kale pansi pa mfundo ya darura, yoti choletsedwa chimaloledwa pamene moyo uli pachiswe ndipo palibe njira ina. A shehe anu adziwa bwino malire ake kuposa ine.

Tsopano za mano, zomwe kwa ine ndiye funso lofunika kwambiri mu imelo yanu yonse, ngakhale munaliika kumapeto ngati losafunika.

Munthu akaikidwa impso ya wina, ngakhale ya mchemwali wake weniweni, thupi limaiona ngati mlendo. Kuti lisaikane, amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi tsiku lililonse kwa nthawi yonse yomwe impsoyo ili mwa iye, monga tacrolimus kapena cyclosporine. Ndiye taganizani za dzino lobooka lija limene munthu wakhala nalo zaka zitatu, lomwe likapweteka amangoika kathonje ka mchere kapena kumwa panado n'kugona. Pansi pa dzino lotero pamakhala kathumba ka mafinya. Panopa asilikali a m'thupi akatchingira kuti kasafalikire. Mukawagoneka asilikaliwo ndi mankhwala, tizilombo timalowa m'magazi, ndipo dzino la kumapeto kwa nsagwada likhoza kupha munthu amene banja lagulitsa munda kuti apite ku India. N'chifukwa chake madokotala amafuna kuti m'kamwa mukhale moyera opaleshoni isanachitike: lomata limatidwe, lozula lizulidwe, nkhama zotupa zichire.

Pali zina ziwiri zoti muwauze alongo anu. Choyamba, ngati pali dzino lozula, asakazulitse tsiku lomwe achokera pa makina, chifukwa heparin uja amakhala akadali m'magazi ndipo bala limachedwa kusiya kukha. Nthawi zambiri amalangiza tsiku lotsatira. Chachiwiri, akangokhala pampando auze wa mano uja kuti impso zawo sizigwira ntchito, asanalembe mankhwala alionse. Bufeni ndi diclofenac, zomwe timagula pa golosale ngati maswiti dzino likavuta, ndi adani a impso. Ndinaonapo bambo wina kuno ku Salima, msodzi wa ku Senga Bay, amene ankayenda ndi mapepala a bufeni m'thumba la malaya n'kumameza awiriawiri ndi tiyi m'mawa uliwonse chifukwa cha msana. Nditamufunsa ngati anayezetsapo BP, anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

Mukaonanso nkhama zawo zikukula n'kumakwirira mano, musathamangire kunena kuti awalodza. Mankhwala ena a BP monga amlodipine ndi nifedipine amachita zimenezo mwa anthu ena, ndipo cyclosporine amachitanso chimodzimodzi. Kutsuka bwino ndi mswachi kumachepetsa vutoli, ndipo dokotala akhoza kusintha mankhwala.

Madokotala a mano ndi ochepa kwambiri m'dziko muno. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku Blantyre, pa sukulu yomwe lero ndi Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. M'maboma ambiri amene amatithandiza ndi ma dental therapist, anthu omwe anaphunzira za mano koma si madokotala. Popeza alongo anu amapita kale ku Kamuzu Central, apemphe kuti aonedwe mano konko. Mwina mwana wanu adzakutumiziraninso vidiyo ya mankhwala a ku Japan omeretsa mano atsopano. Nawonso alipo: gulu la Katsu Takahashi linapeza kuti puloteni yotchedwa USAG-1 ndi imene imaletsa mano ena kumera, ndipo mu 2024 anayamba kuyesa mankhwala oitsekereza pa anthu ku Kyoto. Koma cholinga chawo choyamba ndi ana obadwa opanda mano ena, osati ife amene tinawamaliza ndi nzimbe za ku Dwangwa.

Simunafunse za makompyuta, koma muwapeza panjira yomweyi. Munthu asanapatsidwe mankhwala ofooketsa chitetezo amayezedwanso TB, chifukwa TB yogona imadzuka chitetezo chikatsika. Masiku ano kuli mapulogalamu omwe anaonetsedwa zithunzi za X-ray zambirimbiri, uku akuuzidwa kuti ichi chili ndi TB, ichi chilibe, mpaka anaphunzira kuzindikira okha. Bungwe la WHO linavomereza njira imeneyi mu 2021, ndipo kafukufuku wina wake anachitikira kwathu konkuno, pa chipatala cha Bangwe ku Blantyre. Ku Paris, gulu la Alexandre Loupy linapanga chida chotchedwa iBox chomwe chimatenga zotsatira za magazi, mkodzo ndi kachidutswa ka impso yoikidwayo n'kuwerengera kuti ingakhale zaka zingati. Zida zotere zimathandiza pamene pali munthu wodziwa amene akuziyang'anira. Zomwe sindikufuna kumva n'zoti mwana wanu wajambula mapepala a kuchipatala, wafunsa ChatGPT, ndiye mwachepetsa kapena kuwonjezera mankhwala. Mwa munthu amene impso sizisefa, mlingo womwe ndi wabwino kwa ine ndi inu ukhoza kukhala poizoni.

Pa za wopereka impso, malamulo a ku India salola kugula chiwalo, ndipo wodwala wochokera kunja amayenera kubwera ndi m'bale wake komanso mapepala otsimikizira ubalewo. Aliyense wokuuzani pa Facebook kuti akupezerani impso mukatumiza ndalama ndi wakuba. Ngati pali nkhani ya HIV m'banjamo, musaibise kwa madokotala poganiza kuti chitseko chatsekeka. Mu 2008 dokotala wa ku Cape Town, Elmi Muller, pa chipatala cha Groote Schuur pomwe Christiaan Barnard anaika mtima woyamba mu 1967, anayamba kuika impso za anthu omwe anali ndi HIV mwa odwala omwe alinso ndi HIV, ndipo zinayenda bwino moti America inasintha lamulo lake mu 2013 potengera zomwe anapeza. Umenewo ndi kafukufuku wa mu Africa muno.

Amene angadzipereke adzayezedwa BP, shuga ndi mkodzo. Anthu a m'mbali mwa nyanja ngati ife tiwonjezere likodzo, chifukwa likakhalitsa limawononga chikhodzodzo ndi timapaipi tochokera ku impso, pamene mankhwala ake, praziquantel, ndi omwa tsiku limodzi. Ndipo ngakhale amene sakuganiza zopereka, inuyo Mayi ndi abale ena onse obadwa mimba imodzi ndi odwalawa, kayezetseni BP mwezi uno, poti matenda amenewa amakonda kuyenda m'magazi a banja.

Mukawaperekeza ulendo wotsatira, pemphani namwino akuonetseni kabotolo ka heparin ndipo mufunse tsiku lomwe a mano amaona odwala a dayalisisi. Mukakumana ndi a shehe, mundilemberenso zomwe anena, chifukwa pali owerenga ena awiri, wina wa ku Chipoka wina wa ku Mangochi, amene anandifunsapo funso lomweli.