Anakweza manja 60, tsopano kwatsala atatu: vuto lili pati?

Akulu ampingo, mwalemba kuti munachititsa chitsitsimutso cha masiku atatu ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, anthu 60 anakweza manja kulandira Yesu, koma patatha milungu iwiri akubwera atatu okha, ndipo mukufunsa ngati ulaliki unalakwika. Kawirikawiri chimene chimawononga ndi zomwe zimachitika hema ikatsitsidwa ndi zokuzira mawu zikabwezedwa kwa eni ake.

Yambani mwadziwa kuti anthu 60 aja ndi ndani. Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu pa 29 Disembala 1991, ndipo mawuwo analowa m'malamulo aakulu a dziko mu 1996. M'makomboni a Lusaka n'kovuta kupeza munthu amene sanamvepo za Yesu. Pakati pa okweza manja muli a Katolika, a RCZ (Reformed Church in Zambia), a UCZ (United Church of Zambia), a Sabata, ena anabwera kutsogolo chifukwa mwana akudwala kapena ntchito yatha. Tsono papepala lolembapo mayina pakhale funso loti, "Mumapemphera kuti?" Amene ali ndi mpingo wake mupempherereni, mumulimbikitse kubwerera kwa abusa ake. Kusamutsa nkhosa m'khola la mnzanu kumangodanitsa mipingo.

Pepalalo ndi pomwe ambiri amaphonya. Dzina lokha silithandiza. Lembani manambala awiri a foni, yake ndi ya m'bale wake, chifukwa mafoni amabedwa ndipo manambala amasinthidwa. Lembani chizindikiro cha nyumba: pafupi ndi kantemba uti, mpopi uti, sukulu iti, pakuti nambala ya nyumba m'komboni siikufikitsani pakhomo. Funsaninso chinenero chimene amapempherera momasuka, kaya Chinyanja, Chibemba kapena Chitonga, ndi nthawi imene amapezeka. Wogulitsa ku Soweto Market amachoka kusanache. Mukapita 10 koloko m'mawa mupeza loko.

Ulendo woyamba uchitike pasanathe masiku atatu. Pitani awiriawiri monga pa Luka 10:1, ndipo awiri amenewo asapatsidwe anthu oposa asanu, apo ayi atopa mlungu woyamba womwe. Akhale anthu okhala pafupi, ofika wapansi, chifukwa ndalama ya minibasi ikalowapo maulendo amafa. Mayi ayenderedwe ndi amayi anzake. Ngati ali pabanja, perekani moni kwa bambo wa pakhomo ndi kufotokoza chomwe mwadzera, kuti pambuyo pasabuke nkhani. Mphindi 20 zakwana. Theka la nthawiyo muzimvetsera. Mufunseni kuti, "Tsiku lija munamva chiyani?" Yankho lake likuuzani ngati anamvetsa za kulapa ndi chikhululukiro, kapena anangotsatira anzake.

Kenako muwerenge naye Uthenga Wabwino wa Marko. Uli ndi mitu 16; mitu iwiri pa mlungu, mumaliza m'milungu isanu ndi itatu. Mukawerenga, iye abwereze nkhaniyo m'mawu ake. Ena sadziwa kuwerenga ndipo sanganene, choncho musamupatse Baibulo m'manja pamaso pa ana ake. Werengani inu, kapena mumuikire Baibulo lomvetsera pafoni. Nduna ya ku Etiopiya ija pa Machitidwe 8 inali ndi buku m'manja koma inafunikabe Filipo wokhala pambali pake.

Lamulungu loyamba mukamutenge kunyumba, mukhale naye benchi limodzi. Ambiri amaopa zovala zawo ndiponso mbale ya chopereka. Nkhani ya chakhumi ndi yunifolomu idikire kaye, ndipo musamuimiritse kuti achitire umboni asanakonzeke.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi malonjezo. Ngati paguwa panamveka kuti wolandira Yesu apeza ntchito mwezi womwewo, ndiye mwezi ukatha landilodi akagogoda, munthuyo amaona kuti ananamizidwa, ndipo mlaliki wina akadzabwera sadzamumveranso. Marko 4 amanena poyera kuti mbewu ya pamiyala imauma masautso akafika. Muuzeni zoona kuyambira tsiku loyamba, kuti wotsata Khristu amadwala, amasowa, koma samayenda yekha. Ndipo wina asayerekeze kumuuza kuti asiye mankhwala a kuchipatala chifukwa wapemphereredwa.

Musaiwalenso nyengo. Mvula ikayamba mu Novembala, njira zambiri za Kanyama zimadzaza madzi ndipo maulendo amavuta, kotero chitsitsimutso chotsatira chikonzeni nthawi yachilimwe, oyendera anthu ataphunzitsidwa kale. Ochita lendi amasamuka mwezi ukatha, nchifukwa chake kuchedwa kumataya anthu.

Za 57 otsalawo musataye mtima. Milungu iwiri si yambiri. Tulutsani mayina amene muli nawo, muwagawe kwa oyendera Loweruka lino, ndipo pofika pakhomo ayambe ndi kupepesa kuti anachedwa kubwera.