Proxy yaulere ija ichotseni pa torrent

Achimwene, mwafunsa ngati proxy yaulere yomwe mwaitola pa intaneti ingakubiseni potsitsa mafayilo ndi qBittorrent, pulogalamu ya torrent (njira yogawirana mafayilo pa intaneti). Ine ndikuti ichotseni lero lomwe.

Proxy, seva ya munthu wina yomwe intaneti yanu imadutsirapo, imangosintha nambala ya IP (adiresi yanu ya pa intaneti) yomwe anzanu otsitsa nawo akuiona, basi. Proxy ya mtundu wa SOCKS5, imene ambiri amaika pa torrent, siphimba zomwe zikudutsamo, moti kampani yokupatsani intaneti imathabe kuona zomwe mukuchita. Ndiye pali mwini proxy uja, munthu woti ngakhale dzina simukumudziwa. Iyeyo akuona IP yanu yeniyeni ndi kulikonse komwe mukulumikiza. Seva akulipira yekha, inu simupereka kalikonse, nanga phindu lake akulipeza pati? Mu 2015 zinaululika kuti Hola, pulogalamu yobisira IP yomwe anthu ankaithamangira poti ndi yaulere, inkagulitsa intaneti ya anthu ake kudzera ku kampani yake ina yotchedwa Luminati. Wina ankachita zake zoipa, koma IP yooneka inali ya munthu wosalakwa.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi kudontha. Torrent siyenda njira imodzi: imalankhula ndi tracker (seva yolumikiza anthu otsitsa), imafufuza anthu pa DHT (njira yopezerana popanda tracker), ndipo zambiri mwa izi zimayenda pa njira yotumizira uthenga yotchedwa UDP, yomwe ma proxy ambiri sanyamula. Mapulogalamu ena akaona kuti kwatsekeka amangolambalala proxy ija osakuuzani, IP yanu n'kukhala pambalambanda inu muli phee. Musaganizenso zothawira ku Tor, pulogalamu ina yobisalira pa intaneti. Mu 2010 akatswiri a ku bungwe lofufuza la INRIA, ku France, anazindikira ma IP enieni a anthu omwe ankatsitsa torrent kudzera mu Tor, ndipo eni Tor anachenjeza okha kuti ziwirizi sizigwirizana.

Ngati mukufunadi kubisala, lipirani VPN yodziwika imene imalola torrent; VPN imabisa IP n'kuphimbanso zomwe zikudutsamo. Mukatero lowani mu Advanced pa qBittorrent, pa Network interface musankhe VPN yokhayo, kuti ikaduka nayo torrent iime. Yesani nokha: yambani kutsitsa pulogalamu yaulere ya Ubuntu, zimitsani VPN, muone ngati zaimadi.

Ndipo kubisa IP sikutsuka fayilo ayi. Torrent imangotsimikiza kuti mwalandira ndendende zomwe woika uja anaika, kaya munali vairasi kapena ayi. Filimu ikabwera ndi dzina lothera ndi .exe, imeneyo ndi pulogalamu osati filimu, ifufuteni musanaitsegule.