Mapeyala ophika a tsiku lapadera: vinyo, chidede ndi moto wochepa

Achemwali, funso lanu ndaliona. Makolo akukwanitsa zaka 40 ali m'banja, mukufuna kuti chakudya chikatha patebulo pabwere mapeyala ofiira aja oimirira m'mbale amene mwawaona pa zithunzi, koma bambo anu sakhudza mowa ngakhale dontho, komanso mukuopa kuti zipatsozo zisungunukira m'poto. Zonsezi zili ndi njira yake. Kwa ena amene akuwerenga nawo, tikunena mapeyala achizungu aja a khosi lalitali amene amagulitsidwa pafupi ndi maapozi m'masitolo akuluakulu, osati mapeyala athu odzola pa buledi. Athuwa mukawaphika amawawa, musayese n'komwe.

Ntchito yaikulu ili pogula, si pophika ayi. Peyala lachizungu limathyoledwa mumtengo lisanapse, ndipo limayamba kupsa m'kati kubwera kunja. Ndiye mukaona kuti kunja kwafewa, dziwani kuti pakati pake pafewa kale kwambiri, mwinanso pada. Loterolo n'longodya pamanja, m'poto silipirira. Poyesa musafinye pamimba pake. Dinani pang'ono ndi chala chachikulu pakhosi, pafupi ndi kamtengo ka pamwamba. Pakakhala gwa osagonja n'komwe, lisiyeni pakhitchini masiku awiri. Pakalowa pang'onong'ono, ndi lomwelo. Pakabonyoka, lisiyireni ana.

Mapeyala ambiri amene timawaona m'masitolo kuno amachokera ku South Africa, m'zigawo za Ceres ndi Elgin, kumene amathyola kuyambira mu Januwale mpaka cha mu Epulo. Werengani dzina pa thumba kapena pa kapepala ka mtengo. Packham's Triumph, wobiriwira wa khungu la mabampu, ndi amene ndimakonda pa ntchito imeneyi chifukwa ndi wamkulu bwino ndipo amalimba pamoto. Forelle, waung'ono wa tsaya lofiira, amaoneka bwino m'mbale ndipo amakwana munthu amene wakhuta kale mpunga ndi nkhuku. Williams amanunkhira kuposa onsewa koma amafewa msanga, ameneyo mugule akadali wolimba ndipo musachoke pa poto. Amene muli ku Britain gulani Conference, ali ponseponse kumeneko. Mukapeza Bosc, wa khungu lodera ngati khaki, musamusiye. Chofunika china n'chakuti onse akhale a msinkhu umodzi kuti apsere limodzi, ndiponso akhale ndi kamtengo kawo, chifukwa kamtengoko ndi kamene kamapangitsa kuti lioneke laulemu m'mbale. Gulani limodzi kapena awiri oonjezera. Nthawi zonse pamakhala lina lokanika.

Tsopano za mowa. Ku France, kumene maphikidwe awa amadziwika kwambiri, amaphika mapeyala mu vinyo wofiira, makamaka wa ku Beaujolais. Anthu ena m'gulu muno akuuzani kuti mowa wonse umauluka pophika. Si zoona. Umachepa ndithu, koma ngakhale poto atakhala pamoto ola lathunthu, gawo lina limatsalabe. Munthu amene sakhudza mowa chifukwa cha chipembedzo kapena thanzi lake musamupusitse ndi zimenezo, makamaka pa tsiku lake lomwe.

Chidede ndiye yankho lanu. Chimapereka mtundu wofiira wokongola kuposanso wa vinyo wotchipa, ndipo kuwawasa kwake kumagwirizana ndi kutsekemera kwa peyala. Pa mapeyala 6, wiritsani lita imodzi ya madzi, thiranimo chidede chouma chodzaza manja awiri, phulani, vundikirani kwa mphindi 15, kenaka sefani bwino kuti mchenga ndi zinyalala zitsale. Madzi ofiirawo muthiremo shuga wokwana magalamu 250, yemwe ndi kapu imodzi yodzaza ndi pang'ono pamwamba. Lawani. Chidede chimasiyana mphamvu, china chimachita kukwinyitsa nkhope, ndiye mwina mufunika kuonjezera shuga. Muikemo kamtengo kamodzi ka sinamoni, ma clove (tizonunkhiritsa touma tooneka ngati timisomali) atatu okha, kachidutswa ka jinja wamuwisi, ndi makoko a lalanje limodzi. Posenda lalanjelo tengani chachikasu chokha, choyera cha m'kati chimawawitsa. Ma clove musachulutse, amaphimba china chilichonse ndipo mapeyala amamveka ngati mankhwala a dzino. Sinamoni wa ufa mupewe ngati mungathe, amadetsa madzi n'kumatirira pa chipatso.

Ngati pali tsiku lina limene mudzafune za vinyo, muyezo wake ndi botolo limodzi la mamililita 750, kapu imodzi ya madzi, shuga magalamu 150 ndi zonunkhiritsa zomwezi. Vinyo wodula n'kuononga ndalama, koma akhale woti munthu angathe kumwa.

Poto wake musatenge wa aluminiyamu. Chidede ndi vinyo zonse n'zowawasa, ndipo zikakhalitsa mu aluminiyamu zimatenga kakomedwe ka chitsulo, mtundu n'kuthimbirira. Gwiritsani ntchito poto wa sitilo kapena wa enamelo wosasupuka. Akhale wopapatiza koma wakuya, woti mapeyala akwanemo mothithikana pang'ono. Mu poto wotakata madzi amangofika m'chiuno mwa zipatso, mbali imodzi n'kufiira ina n'kutsala yotuwa.

Madzi aja akhale atatentha kale musanayambe kusenda, chifukwa peyala losenda limada msanga likakhala pamphepo. Sendani kuchokera pa kamtengo kutsika pansi, mizere yaitali, mpeni wakuthwa kapena chosendera mbatata. Chitani mofatsa, chifukwa mzere uliwonse wa mpeni udzaonekera chipatso chikafiira. Kamtengo musachotse. Dulani kachidutswa kochepa kunsi kwake kuti liziima lokha. Kenaka tengani supuni yaing'ono ya tiyi, muilowetse kunsi komweko n'kuizunguza mpaka njere ndi chapakati cholimba chija zituluke. Kunja lizioneka lathunthu, m'kati muli mphako. Izi zimathandiza pawiri: madzi otentha amalowa m'kati n'kupsetsa chipatso mofanana, ndipo amayi anu sadzalimbana ndi njere alendo akuona. Lililonse mukamaliza kusenda, lipakeni madzi a ndimu kapena liponyeni m'poto nthawi yomweyo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amaonongera. Mapeyala saphikidwa pa moto wa nyemba. Madzi asamabwate ayi, azingotulutsa tithovu tating'ono apa ndi apo m'mbali mwa poto. Akabwata mwamphamvu kunja kwa chipatso kumanyenyeka m'kati musanapse. Pa kuka ikani pa nambala yotsika. Pa mbaula dikirani makala ayambe kuvala phulusa, ndipo ngati moto ukadali waukali chotsani ena. Mapeyala amakonda kuyandama, ndiye dulani pepala lophikira makeke mozungulira kufanana ndi kukamwa kwa poto, muboole pakati, muliyale pamwamba penipeni pa madzi. Popanda pepalalo, kambale kakang'ono ka dothi kogadabuza pamwamba pa zipatso kamagwira ntchito yomweyo. Pakapita mphindi 10 zilizonse atembenuzeni ndi supuni yamtengo, osati foloko.

Nthawi yake imadalira kulimba kwa chipatso. Williams wakupsa pang'ono akhoza kutha m'mphindi 15, Packham's wolimba amafika 35 kapena 40. Musadalire wotchi. Tengani kamtengo kotokosera m'mano kapena nsonga ya mpeni, mubaye pansi pomwe pali ponenepa. Ukalowa mosavuta koma chipatso chikadali chogwirana, phulani. Kumbukirani kuti lipitirizabe kupsa m'madzi otenthawo, choncho kuli bwino kuphula likadali ndi kamphamvu.

Ndiyeno musawatulutse. Asiyeni azizire momwemo, kenaka muwasamutsire m'mbale ya galasi kapena ya pulasitiki pamodzi ndi madzi awo, muvundikire, agone mu furiji. Ichi ndi chimene chimasiyanitsa mapeyala a pa zithunzi aja ndi otuwa amene ena amadandaula nawo. Pamoto mtundu umangogwira pakhungu. Usiku wonse ndi pamene umalowa, ndipo m'mawa mukalidula mupeza kunja kuli kofiira kwambiri, kufiirako kukuchepa pang'onopang'ono mpaka pakati poyera. Akhoza kukhala mu furiji masiku awiri kapena atatu osavuta. Kwa inu zimenezi ndi mwayi, chifukwa pa tsiku la mwambo manja anu adzakhala ali pa nkhuku, mpunga ndi alendo. Phikani dzulo lake. Magetsi akazima usiku musatsegule furiji, afika m'mawa bwinobwino.

Pa tsikulo tulutsani mapeyala mosamala, madzi aja muwasefere mu poto, ndipo tsopano kolezani moto waukulu. Abwate mpaka atsale gawo limodzi mwa magawo atatu. Muviike supuni: akamamatirira kumsana kwa supuni n'kumatsika mwaulesi, akwana. Musapitirize, chifukwa akazizira amalimbanso, ndipo mukapyola muyezo mupeza switi yomata mano. Zikatero thiranimo madzi otentha pang'ono n'kutakasa, abwerera. Manyuchi amenewa ndi amene amawalitsa chipatso.

Pogawa, mbale yoyera ndi imene imaonetsa kufiira kuja. Peyala limodzi liime pakati, muthire manyuchi supuni ziwiri kuchokera pa kamtengo kuti atsike okha, pambali muike china choyera chozizira. Ayisikilimu wa vanila ndiye woyamba. Kirimu wopuntha nayenso ali bwino. Kasitadi wa ufa uja timamudziwa tonse amagwira, koma mumuphike wopyapyala ndipo muchepetse shuga, apo ayi mbale yonse idzangokhala kutsekemera kokhakokha. Ine ndimawazapo mtedza wokazinga wosinja mwa apo ndi apo, kuti pakhale chokukuta. Muwatulutse mu furiji theka la ola musanagawe, chifukwa ozizira kwambiri fungo lake limabisala. Aliyense mumupatse supuni ndi foloko, poti peyala loterera pa supuni yokha limathawa m'mbale.

Ngati m'banja mwanu muli okonda chokoleti, pali mtundu wina wotchedwa Poire belle Hélène, umene unatenga dzina ku sewero la nyimbo la Jacques Offenbach limene linaonetsedwa ku Paris mu 1864. Pamenepo mapeyala amaphikidwa m'madzi a shuga ndi vanila basi, amatuluka oyera, n'kuthiridwa chokoleti chotentha pambali pa ayisikilimu. Chokoleticho n'chosavuta: magalamu 100 a chokoleti chakuda, mamililita 100 a kirimu wotentha, kutakasa mpaka zisalale. Koma musachithire pa mapeyala a chidede, kuwawasa kuja ndi chokoleti zimalimbana. Sankhani chimodzi.

Kwa makolo anu ine ndingasankhe chidede. Mlungu uno gulani mapeyala awiri muyesere ndi theka la muyezo, kuti mudziwe mphamvu ya chidede chanu ndi mphindi zimene mtundu umene mwapezawo ukufuna pa moto wanu. Mukayesa mutiuze mtundu umene mwagula ndi kuchuluka kwa alendo, ndikuwerengerani shuga ndi madzi ake.