Matenda a shuga komanso chakudya cha ku ukwati

Funso: Ndili ndi matenda a shuga ndipo ndimadzibaya insulini ya Actrapid ndisanadye. Ku ukwati kapena kulesitilanti chakudya chimachedwa. Ndizibaya nthawi yanji? — Wowerenga wa ku Zomba

Yankho: Musabayiretu kunyumba. Actrapid imayamba kugwira ntchito pakatha mphindi pafupifupi 30, ndiye mukabaya 12 koloko mbale n'kufika 3 koloko, malankhulidwe ndi perekaniperekani zitatalika monga mwa masiku onse, shuga agwa. Bayani mukaona kuti ayamba kugawa. Amene amabaya insulini ina yotchedwa NovoRapid adikire mbale ifike patebulo, chifukwa imeneyi imayamba msanga, pakangotha mphindi 10 mpaka 20.

M'mbalemo, theka likhale ndiwo zamasamba, chigawo china nyama kapena nsomba, chotsalacho mpunga, nsima kapena tchipisi. Sankhani chimodzi, osati zonse zitatu. Tchipisi ndi nkhuku yokazinga zili ndi mafuta amene amachedwetsa kugaya, choncho shuga amakwera mochedwa. Yezani shuga pakatha maola awiri, ndiponso musanagone.

Mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, kapena makina oyezera shuga akaonetsa pansi pa 4 mmol/L, ndiye kuti shuga wagwa: imwani theka la botolo la Fanta kapena masipuni atatu ang'onoang'ono a shuga m'madzi. Coke Zero sathandiza apa. Yezaninso pakatha mphindi 15.

Mowa umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga wopita m'magazi, ndipo ngozi yake imabwera usiku muli m'tulo. Musamwe wopanda chakudya. Insulini musaisiye m'galimoto padzuwa, kutentha kumaiwononga. Mlingo wake musinthe pokhapokha mutagwirizana ndi adokotala anu.